Mphika Wachitsulo Ukachita Dzimbiri Musautaye

Phunziro lino likunena za chiwiya chimene mabanja ena ali nacho koma analeka kuchigwiritsa ntchito, ndicho mphika wachitsulo wakuda, wolemera uja, umene kawirikawiri umakhala ndi miyendo itatu. Ina mwa miphika imeneyi inabwera ndi makolo athu pochokera kuntchito ku South Africa ndi ku Zimbabwe, ina inagulidwa m'sitolo za konkuno. Lero yambiri ili kuseri kwa nkhokwe, yafiira ndi dzimbiri, ndipo nkhuku ndizo zimamweramo madzi. Eni ake amati inatha. Komatu chitsulo cha mphika wotere n'chochindikala, ndipo dzimbiri limene mukuliona nthawi zambiri limakhala litangodya pamwamba pokha. Ngati mphikawo sunang'aluke kapena kubooka, mungathe kuubwezera pamoto, ndipo pali chifukwa cha umoyo chimene tikukupempherani kutero.

KODI MPHIKA UKUKHUDZANA BWANJI NDI UMOYO?

Kuchepa kwa magazi m'thupi ndi vuto lalikulu m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a miyezi 6 kufikira 59, ana 63 anali ochepa magazi, ndipo mwa amayi 100 a zaka 15 kufikira 49, amayi 33 anali ndi vuto lomweli. Mwana wochepa magazi amatopa msanga, m'manja ndi m'zikope mwake mumayera, ndipo sachita bwino kusukulu. Mayi wapakati wochepa magazi amakhala pangozi yaikulu akataya magazi pobereka.

Zoyambitsa vutoli n'zingapo: malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kubereka pafupipafupi, ndiponso kusowa kwa mchere wa ayironi m'zakudya. Ayironi ameneyu ndi chitsulo chomwechi chimene anapangira mphika uja. Ndiwo zikamawira m'mphika wachitsulo, chitsulo chochepa kwambiri, chosaoneka ndi maso, chimasungunukira m'ndiwomo, ndipo thupi limatengako china n'kupangira magazi. Miphika yadothi ndi ya aluminiyamu sichita zimenezi.

Mu 1999 anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ku Ethiopia, zosonyeza kuti ana odya chakudya chophikidwa m'miphika yachitsulo anachuluka magazi kuposa anzawo a miphika ya aluminiyamu. Kuno ku Malawi anayesanso zimenezi m'midzi iwiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002 ndi 2003. Anthu akuluakulu amene ankaphikira m'miphika yachitsulo tsiku ndi tsiku magazi awo anakwerako, koma mabanja ambiri anaileka miphikayo. Madandaulo awo aakulu anali awiri, kulemera ndi dzimbiri. Kulemerako sitingakuchotse. Dzimbiri ndiye tingathe.

Tisapitirire osanena ichi: mphika si mankhwala. Mayi wapakati apitirize kupita kusikelo ndi kumwa mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kumeneko, ndipo mwana woyera m'maso apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mphika umangothandizako pang'onopang'ono, monga momwe zimathandizira ndiwo zamasamba, nyemba, usipa ndi chiwindi.

DZIMBIRI

Dzimbiri limabadwa chitsulo chikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya wa okosijeni. Lochepa chabe silipha munthu, koma limaipitsa kukoma kwa chakudya ndi kuchidetsa. Choipa chenicheni n'chakuti limasiya mphika wokakala ndi wamaenjemaenje, momwe zotsalira za chakudya zimakanirira ngakhale mutatsuka, ndipo m'menemo ndimo tizilombo toyambitsa matenda timaswanirana.

Pofuna kulichotsa, ena amaponya mphika pamoto waukulu, koma chitsulo cha mtundu uwu chimang'aluka chikatenthedwa mbali imodzi mwadzidzidzi. Ena amathiramo asidi wa m'batire la galimoto. Zimenezi musayese n'komwe: asidi ameneyu amatentha khungu, amachititsa khungu akalowa m'maso, amadya ndi chitsulo chabwino chomwe, ndipo wochokera m'batire lakale amakhala ndi mtovu.

Pali njira ina, yofatsa, yochotsera dzimbiri ndi mphamvu yochepa ya magetsi. Dzina lake ndi electrolysis. Si yachilendo ayi, pakuti mu 1800 anthu awiri a ku London, William Nicholson ndi Anthony Carlisle, anaonetsa kale kuti magetsi akadutsa m'madzi amawagawa kukhala mipweya iwiri, hydrogen ndi okosijeni. Osamalira zinthu zakale m'nyumba zosungiramo mbiri amaigwiritsa ntchito poyeretsa zitsulo zovuulidwa pansi pa nyanja.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mumamiza mphika m'madzi a soda pamodzi ndi chitsulo china chopanda ntchito, ziwirizi osakhudzana. Mphika mumaulumikiza ku waya wakuda wa tchaja ya batire, chitsulo chinacho ku waya wofiira. Magetsi akayamba kuyenda, pathupi ponse pa mphika pamatuluka timathovu ta hydrogen timene timatukula dzimbiri ndi kuligwetsa, ndipo lina mwa dzimbiri lofiiralo limasanduka mwaye wakuda wosavuta kukwecha. Mafuta akale opserera nawonso amafewa n'kukanganuka. Chimene chimadyeka ndi chitsulo cha ku waya wofiira chija, pamene chitsulo chabwino cha mphika chimatsala chosakhudzidwa. Koma dziwani kuti maenje amene dzimbiri linakumba kale sadzafotseka.

MUSANAYAMBE, UFUFUZENI MPHIKAWO

Choyamba, yesani ndi maginito, ngakhale ochokera m'sipika ya wailesi yakufa. Akamata, mphikawo ndi wachitsulo. Akapanda kumata ndi wa aluminiyamu, ndipo njira ino si yake, chifukwa madzi a soda amadya aluminiyamu. Miphika ndi mbale zokutidwa ndi utoto wonyezimira wonga galasi nazonso zisiyeni. Kenaka unyamuleni ndi chogwirira chake n'kuugogoda ndi kamtengo. Wamphumphu umalira ngati belu, wong'aluka umangoti phwa.

Funso lachitatu ndilo lofunika koposa, ndipo maginito sangakuyankheni: pa zaka zonse zimene unali kunja, mphikawu unkagwira ntchito yanji? Funsani akuluakulu a pakhomo. Ngati wina anasungunuliramo mtovu wa m'mabatire, kapena anasakaniziramo mankhwala opopera thonje, fodya kapena chimanga, kapenanso mankhwala a makoswe, mphika umenewo usabwererenso kukhitchini, ngakhale utayera chotani. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo zimene wawonongazo sizibwerera. Mphika wotero dzalanimo maluwa. Mukagula mphika pamsika wa zitsulo zakale, pamene palibe wodziwa mbiri yake, yang'anitsitsani pansi pake. Mukaona timadontho totuwa tolimba tomatirira, usiyeni.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

Mufunika chidebe chapulasitiki chachikulu, chakuti mphika umire wonse. Mgolo wapulasitiki wodula pakati umachita bwino. Chidebe chachitsulo ayi, chifukwa chimatenga magetsi. Mufunikanso thabwa kapena ndodo yolimba yopingasa pamwamba pa chidebe, ndi waya wachitsulo wamba wopachikira mphika.

Madzi okha sayendetsa bwino magetsi, n'chifukwa chake timathiramo soda. Woyenera ndi soda wochapira, amene papaketi pake amalemba kuti washing soda kapena sodium carbonate. Muyeso wake ndi supuni yaikulu imodzi pa malita 4 a madzi, ndiye kuti masupuni 5 pa ndowa ya malita 20. Kuchulukitsa sikufulumizitsa ntchito kwenikweni, kumangotenthetsa tchaja. Soda wochapira akasowa, soda wophikira therere uja amagwiranso ntchito ngakhale mochedwerako, ndipo mukamuwotcha wouma mu uvuni wotentha madigiri 200 kwa ola limodzi amasanduka soda wochapira. Soda waukali wopangira sopo musamugwiritse ntchito pakhomo pa ana, pakuti amatentha thupi koopsa.

Mchere musathiremo. Wina adzakuuzani kuti mchere umayendetsa bwino magetsi ndipo ndi wotsika mtengo. N'zoona, koma magetsi akadutsa m'madzi amchere mumatuluka mpweya wa klorini, umene umapweteka maso ndi mapapo, ndiponso mchere wotsalira m'maenje a mphika umaitananso dzimbiri.

Chitsulo cha ku waya wofiira chikhale chitsulo wamba: khasu lakutha, chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba, kapena chikwanje chothyoka. Chikakhala chotambalala ntchito imayenda msanga. Zitsulo zitatu izi musaziyike: lata la denga, pakuti linakutidwa ndi zinki, mkuwa, ndi chitsulo chonyezimira chosachita dzimbiri chimene amapangira masupuni ndi mbale zamakono. Chomalizachi chimakopa anthu chifukwa sichidyeka msanga, koma chili ndi chromium, ndipo magetsi amasandutsa chromium ameneyu kukhala poizoni woyambitsa khansa, amene amatsalira m'madzi mudzatayewo.

Potola zitsulo zakale samalani manja. Anthu ambiri amati dzimbiri ndilo limayambitsa kafumbata. Si dzimbiri ayi, koma kachilombo kokhala m'dothi ndi m'ndowe, kamene kamalowa pabala lakuya. Chitsulo chakale chimakhala chagona m'dothi lomwelo. Mukadzicheka, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pitani kuchipatala akaone ngati mukufunika katemera.

Magetsi ake achokere ku tchaja ya batire la galimoto ya 12 volts. Matchaja ena amakono sayaka akapanda kumva batire, choncho funsani amakanika kapena anthu otchajitsa mabatire kuti akubwerekeni ya mtundu wakale. Kumene kulibe magetsi, sola yaing'ono ya 12 volts imagwira ntchitoyi dzuwa likamawala, ngakhale imatenga masiku ochulukirapo. Batire la galimoto lokha, lopanda fyuzi, n'loopsa, chifukwa zitsulo ziwiri zija zikakhudzana mawaya amayaka moto. Ndipo chachikulu pa zonse: musalumikize mawaya ochokera kusoketi ya m'nyumba molunjika ku chidebe. Magetsi a m'nyumba ndi a 230 volts. Sachotsa dzimbiri, ndipo m'madzi amapha munthu nthawi yomweyo.

KALUMIKIZIDWE KAKE

Sankhani malo a panja, pamthunzi, podutsa mphepo, kutali ndi khitchini. Tchaja ikhale pamalo okwera ndi ouma, pomwe mvula kapena madzi a m'chidebe sangaidonthere, ndipo chingwe chake chisakhale ndi polumikiza posakutira.

Tsukani mphika ndi sopo kuchotsa dothi. Palani pamalo amodzi, monga pakhutu la mphika, kufikira chitsulo chiwale, ndipo mangani waya wolimba pamenepo, chifukwa magetsi sadutsa bwino padzimbiri. Upachikeni pathabwa kuti ulendewere m'madzi. Khasu lija liimikeni m'mbali mwa chidebe, mutu wake uli kunja kwa madzi, ndipo mulimange kuti lisagwere pamphika. Pakati pa ziwirizi pakhale mpata wokwana chikhatho.

Tsopano, tchaja ili chizimire, panani chopanira chakuda ku waya wa mphika, chofiira ku khasu. Bwerezani kuyang'ana: chakuda kumphika, chofiira kukhasu. Mukasemphanitsa, mphika wanu ndiwo udzadyeke, khasu n'kuyera. Chopanira chofiira chisamire m'madzi, pakuti chidzadyeka. Mukatsimikiza zonse, ndipo manja anu ali ouma, yatsani.

Pakapita mphindi zochepa mudzaona timathovu tikukwera kuchokera pamphika. Mukapanda kutiona, zimitsani ndipo palaninso polumikizira paja. Pakapita maola angapo pamwamba pa madzi padzayandama thovu lofiirira lonyansa. Musade nkhawa, ndicho chizindikiro chakuti ntchito ikuyenda.

Magetsi amayeretsa kwambiri mbali imene yayang'anana ndi khasu. N'chifukwa chake anthu ambiri amadabwa kuona kunja kwa mphika kwayera, m'kati muli chifiirire, chonsecho m'katimo ndimo mofunika kwa ife ophika. Kunja kukayera, zimitsani, ndipo lendewetsani kachitsulo kena pakati penipeni pa mphika, kosakhudza pansi kapena m'mbali, n'kukalumikiza ku chopanira chofiira. Kukamwa kwa mphika kuloze kumwamba kuti mpweya uzituluka, usaunjikane m'kati. Dzimbiri lapakatikati limatha pa maola 12 kufikira 24, lokhalitsa lingatenge masiku awiri kapena atatu. Khasu likakutidwa ndi matope ofiira mphamvu imachepa, ndiye muzilitulutsa n'kulipala kamodzi patsiku. Magetsi akazima pakati pa ntchito palibe chowonongeka, pakuti m'madzi a soda chitsulo sichichita dzimbiri msanga.

NGOZI ZIWIRI ZIMENE SIZIONEKA

Yoyamba ndi mpweya wa hydrogen. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo ndi wopepuka kuposa mpweya umene timapuma, kotero kuti m'nyumba umakwera n'kusonkhana kudenga. Ukangokwana magawo 4 pa magawo 100 a mpweya wa m'chipinda, kamoto kakang'ono kangathe kuuyatsa. Panja mphepo imaumwaza ndipo suvuta. Chotero ntchitoyi musaichitire m'nyumba, m'bafa kapena m'chipinda chogona, ngakhale mukuopa akuba. Chidebe musachivundikire ndi chotseka kwambiri. Wosuta fodya, mbaula, kandulo ndi koloboyi zikhale kutali. Nthawi zonse yambani mwazimitsa tchaja kusoketi musanachotse chopanira, chifukwa kuchotsa chopanira magetsi akuyenda kumathetheka moto pamwamba penipeni pa thovu lija.

Yachiwiri ndi madzi enieniwo. Mwana wongoyamba kuyenda mutu wake ndi wolemera. Akasuzumira m'chidebe kuti aone thovu amagwera chamutu, sangathe kudzitulutsa, ndipo salira. Madzi ochepa okwana kumiza mphuno ndi pakamwa ndi okwanira kumupha pa mphindi zowerengeka. Chidebechi chidzakhala pabwalo usana ndi usiku, nthawi imene inu muli kumunda kapena mwagona. Chitchingireni ndi mpanda kapena chiikeni m'malo amene mwana sangafikemo, ndipo musasiyire mwana mnzake udindo woyang'anira. Ngati pakhomo panu simungathe kutchinga, kachitireni ntchitoyi kwa mbale wanu amene alibe ana aang'ono.

Madzi a soda amaumitsa khungu ndi kuwawa m'maso. Valani magolovesi a labala, kapena majumbo awiri apulasitiki m'manja. Akakudontherani m'diso, tsukani ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi 15, ndipo likapitirira kuwawa pitani kuchipatala. Soda wotsala musungeni m'chitini cholembedwa dzina, pamwamba, osati pafupi ndi mchere kapena shuga.

MUKAUVUULA

Mphika umatuluka wakuda bii, ndipo apa mpamene ena amagwa mphwayi poganiza kuti wapsa. Ukwecheni ndi burashi ya waya kapena waya wokwechera miphika, ndi sopo, ndipo pansi pa mwayewo mudzapeza chitsulo chotuwa. Tsukuluzani kangapo kufikira madzi ayere.

Kuyambira pamenepa fulumirani. Chitsulo chimene changoyeretsedwa chilibe chochiteteza, ndipo chimayamba kufiira mukuona, mphindi zochepa zisanathe. Pukutani msanga ndi nsalu, ikani pamoto wochepa kuti madzi onse a m'maenje aphwe, ndipo mphika ukali wofunda pakani mafuta ophikira m'kati, kunja, m'miyendo ndi pachivundikiro pomwe. Kenaka tengani nsalu youma mupukute ngati mukufuna kuwachotsa onse. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: amapaka mafuta ochuluka, ndipo mphika umatuluka wonanda. Ofunika ndi ochepetsetsa, ongonyezimiritsa chitsulo.

Ikani mphikawo pamakala a moto wapakati, muziutembenuza kuti utenthe mbali zonse, kufikira mafuta afuke utsi ndi kuleka. Amene ali ndi uvuni auike chozondoka pa madigiri 200 kufikira 230 kwa ola limodzi. Kutentha kumasandutsa mafutawo kukhala chikopa cholimba chomatirira kuchitsulo, chimene chimatchinga madzi ndi mpweya. Usiyeni uzizire wokha, osauthira madzi, ndipo bwerezani katatu kapena kanayi kufikira ude ndi kusalala.

Madzi a m'chidebe mungathe kuyeretseramo chiwaya kapena simbi ya makala musanawataye. Mukatha, athireni m'dzenje n'kufotsera, pamtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo, kutalinso ndi dimba ndi pomwera ziweto. Chidebecho musasungiremonso madzi akumwa.

Amene alibe tchaja kapena sola, ndipo dzimbiri lake n'lochepa, asakanize viniga ndi madzi muyeso wofanana, aviikemo mphika kwa theka la ola, akweche ndi mchenga wosalala, n'kubwereza ngati kuli kofunika. Viniga amadya ndi chitsulo chomwe, choncho mphika usagonemo.

KUPHIKIRA NDI KUSUNGA

Masiku oyambirira phikiranimo zamafuta kuti chikopa chija chikhwime. Pambuyo pake phikiranimo ndiwo za tsiku ndi tsiku. Zimene zimatenga ayironi wochuluka kumphika ndi zamsuzi, zowira nthawi yaitali, ndiponso zowawasa pang'ono, monga nyemba kapena nkhwani wothira matimati. Mphika wokhwima bwino umapereka ayironi wocheperako kuyerekeza ndi wongopalidwa kumene, koma ndi umene mayi amapitiriza kuphikiramo, ndipo phindu lake lili pa kuphikiramo tsiku lililonse. Masamba ena amaderako mtundu m'mphika wachitsulo, sanawonongeke. Tiyi amalepheretsa thupi kutenga ayironi, choncho musamwere pachakudya, pamene malambe, gwafa ndi malalanje zimathandiza.

Chakudya chikapsa chipakuleni, chisagone m'mphika, pakuti chimasintha kukoma ndi kudya chikopa cha mafuta chija. Mowa kapena thobwa musasasitsire m'chiwiya chachitsulo. Madokotala a ku South Africa ndi ku Zimbabwe anapeza kale kuti anthu omwa kwa zaka zambiri mowa wofululidwa m'migolo yachitsulo amachulukirwa ayironi m'thupi mpaka kuwononga chiwindi.

Mukatha kuphika tsukani ndi madzi ofunda, ndi sopo pang'ono ngati kuli kofunika, koma mphika wachitsulo musauviike ndipo musausiye pathandala kuti uume wokha monga muchitira ndi mbale. Uumitseni pamoto wotsala, pakani kadontho ka mafuta m'kati, ndipo usungeni m'nyumba pamalo okwera. M'nyengo ya dzinja ikani kamtengo pakati pa mphika ndi chivundikiro chake kuti mphepo izilowa. Kadontho kofiira kakaonekanso, kakwecheni tsiku lomwelo ndi mchenga, pakani mafuta, muike pamoto.